Tisanayambe kunena kuti "ku 18", kuno kunali kwa yani?

Mwana wa ku 18B

Moni nonse, makamaka akuluakulu amene mumangowerenga osalankhula. Agogo anga aamuna anatisiya mwezi watha. Tikusesa m'chipinda mwawo tinapeza kabokosi kachitsulo kunsi kwa bedi, m'kati muli makiyi awiri adzimbiri omangidwa ndi waya, ndi kalata yowauza kuti ntchito yawo yasamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Pepalalo lachita kufiira, koma chaka chikuonekabe, 1975. Ine ndinabadwira m'nyumba yomweyi ya ku Area 18, mayi anga anakuliramo, koma ndadzidzimuka kuti za malo ano sindidziwa kanthu. Anamanga ndani nyumbazi? Bwanji kwathu kumatchulidwa ndi nambala pomwe anzathu ali ndi Kawale, Biwi, Mchesi? Nanga nyumba zisanabwere panali chiyani pano? Ndinkangoti agogo ndidzawafunsa, lero palibe. Chonde amene mukudziwa ndithandizeni.

Mphunzitsi wopuma

Pepani ndi zovutazo, mwana wanga. Ndiyambe ndi za nambala. Kawale, Biwi ndi Mchesi nawonso ali nawo manambala: Kawale ndi Area 7, Biwi ndi Mchesi ndi Area 8, Falls ndi Area 1. Koma kumeneko dzina linakhazikika pakamwa pa anthu, nambala n'kutsalira m'mafayilo. Kuno nambala ndiyo inayamba, papepala la mapulani, nyumba zinachita kutsatira. Anthu anafika n'kupeza malo akutchedwa kale 18, iwonso n'kumangoti ku 18. Ndipo manambalawa sayenda motsata kuyandikana kwa malo ayi. N'chifukwa chake mukangowoloka msewu wa M1 mwalowa kale Area 30, kulikulu la apolisi.

Tsono chiyambi chake. Lilongwe anali kaboma kakang'ono kamene atsamunda anakhazikitsa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kanakula chifukwa cha fodya. Kalembera wa 1966 anapezamo anthu osakwana 20,000. Dr Kamuzu Banda ankanena kuti maganizo osamutsa likulu anawabwerera ali m'ndende ku Gwelo (Gweru wa lero, ku Zimbabwe), komwe anakhala kuchokera mu 1959 mpaka 1960. Chifukwa chomwe ankapereka n'chakuti chitukuko chonse chinaunjikana kummwera, Blantyre ndi Zomba, pomwe pakati ndi kumpoto kunalibe kanthu. Dziko la Britain silinafune kulipira zimenezo. Ndalama zoyambira zinachokera ku South Africa, ngongole ya R8 miliyoni mu 1968, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, limene tonse tinkangoti CCDC. Lilongwe anakhala likulu mu 1975, chaka cha pakalata ya agogo anuyo. Nyumba za ku 18 zinamangidwira anthu onga iwowo, ogwira ntchito m'boma amene maofesi awo anali kusamukira ku Capital Hill.

Mwana wa ku 18B

Zikomo kwambiri bambo. Za Gwelo tinaphunzira kusukulu, koma sindinkadziwa kuti nkhani imeneyo ikukhudza khomo lathu.

Gogo Nabanda

Mdzukulu wanga ndiye akundilembera izi, ine maso anatha. Wandiwerengera funso lako, mwanawe, ndipo ndati ndisakhale chete.

Ifenso tinachoka ku Zomba chaka chomwecho. Abambo akunyumba anali kalaliki. Anatikweza lole imodzi mabanja awiri, mabedi, mtondo, mbaula, nkhuku m'chitete, ine mwana kumbuyo wina m'mimba. Tinanyamuka kusanache, tinafika dzuwa litapendeka. Nditatsika ndinaima kaye n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna phiri. Munthu wa ku Zomba ukadzuka umayamba waona phiri, ndiye umadziwa kuti kum'mawa n'kuti. Kuno kunalibe. Thambo lokhalokha, dothi lofiira, ndi nyumba zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, mizere mizere. Usiku umenewo ndinalira, sindibisa.

Koma nyumbayo inali yabwino, mwanawe. Njerwa zowotcha, pansi pa simenti, mpope m'nyumba, chimbudzi chamadzi, magetsi. Fungo la penti linali lisanathe. Lendi ankadula kumalipiro, ndiye sitinkaona munthu akugogoda pakhomo mwezi ukatha. Chovuta chinali fumbi. Mwezi wa Ogasiti mphepo ikayamba, matewera amene wachapa m'mawa pofika masana afiira pachingwe. Mvula ikagwa, matope ankachita kukuvula nsapato. Abambo ankanyamula nsapato za kuntchito m'pepala, n'kukavalira pafupi ndi ofesi.

Mipanda kunalibe. Ana ankasochera chifukwa makomo onse anali amodzimodzi. Wanga woyamba tsiku lina anakalowa nyumba ya eni, n'kukhala pamkeka kudikira phala, ndipo mayi wa m'nyumbamo, wa ku Rumphi, anam'patsa kaye phalalo kenako n'kuyamba kuyenda naye khomo ndi khomo kufunsa mwini mwana. Umu ndi m'mene tinadziwanirana, ndipo anadzakhala mnzanga wa pamtima mpaka tsiku limene anabwerera kwawo. Mzere wathu unali ndi Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, Atonga. Tonse tinali alendo, ndiye panalibe wonyada. Maliro oyamba atagwa mumzeremo tinasowa poyambira, chifukwa panalibe mfumu, panalibe adzukulu okumba manda. Tinangosonkhana amayi, wina ufa, wina nkhuni, amuna n'kukapempha galimoto kuntchito yokatula thupi kumudzi. Kuchokera pamenepo tinayamba kusonkha mwezi ndi mwezi.

Mitengo imene mukuiona lero, yambiri tinabzala ndife. Ine ndinabwera ndi nthangala za mapapaya ndi mbewu ya nzimbe kuchokera ku Zomba.

Achimwene a ku Joni

Agogo, mawu anu andikumbutsa mayi anga, zikomo. Koma ndiloleni ndinene mbali imene timakonda kuidumpha. Ine ndakhala ku Johannesburg zaka zambiri, ndipo ndikafika ku Lilongwe maso anga amaona zomwe ndimaona kuno. Mapulani oyamba a likulu anajambula ndi akatswiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen, mu 1968, tsankho lili pachimake. Malawi anali atangomanga kumene ubale ndi boma la ku Pretoria mu 1967, pomwe maiko ena a mu Africa ankalisala. John Vorster, nduna yaikulu ya South Africa, anabwera ku Malawi mu 1970, Kamuzu n'kupita ku South Africa mu 1971. Tsono taonani mmene anatigawira. Akuluakulu ndi akazembe ku Area 10, 11, 12 ndi 43, mapuloti aakulu, mitengo, bata. Makalaliki ndi anzawo ku 18. Amesenjala, alonda, ophika, kutali ku 25. Pakati n'kusiya tchire ndi madambo kuti magulu asakhudzane. Sanatigawe ndi khungu, anatigawa ndi giredi ya kuntchito, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Mphunzitsi wopuma

Achimwene, zimene mwatchulazo n'zoona, sindikutsutsa. Koma kulekanitsa anthu pomanga tauni sikunayambe ndi Maburu kuno. Pitani ku Area 3 mukaone nyumba zakale za Azungu pafupi ndi bwalo la gofu, kenako muwoloke mlatho mukaone mashopu a amwenye ku Area 2, ndi Kawale kuseri kwake. Zimenezo n'za atsamunda a ku Britain, likulu lisanalotedwe n'komwe. Ku Zomba nako zinali choncho, Azungu kumtunda m'mphepete mwa phiri, ife kunsi. Ojambulawo anapeza njira yopondedwa kale.

Komanso tchire la pakatilo linali ndi cholinga china. Ankafuna mzinda wamitengo, wopuma mpweya, wotambasuka. Nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, inasiyidwa dala, ndipo mpaka lero ilipo. Cholakwika chachikulu, mmene ndimaonera ine, n'chakuti anajambula mzinda wa anthu a magalimoto m'dziko la anthu oyenda pansi.

Achimwene a ku Joni

Apo tagwirizana, bambo. Koma woyenda pansiyo ndi amene anam'ponya kutali kwambiri. Wagalimoto ndiye anam'patsa pafupi ndi ofesi.

Nachisale wa ku 25

Pamenepo ndilowererepo, poti mwatchula kwathu. Bambo anga anali mesenjala ku Capital Hill. Ife sitinapatsidwe nyumba, tinapatsidwa puloti. Malo ngati kwathu ankawatchula kuti Traditional Housing Area, kutanthauza kuti akuikira zikhomo m'makona anayi, msewu wafumbi, mpope wa anthu onse penapake, zotsalazo udzionere wekha. Bambo anaumba zidina Loweruka ndi Lamulungu, mayi akutunga madzi. Chaka choyamba tinagona m'kachipinda kamodzi kofolera ndi udzu, chitseko cha malata a migolo. Bambo ankadzuka tambala woyamba, njinga, kudutsa ku Kanengo, kudzera pa 18 pomwepo. Ankati akamadutsa ankaona mababu akuyaka m'makhonde, iwo kunyumba atasiya koloboyi. Sankanena mwansanje ayi, ankangoti tsiku lina. Basi za kampani ya UTM (United Transport Malawi) zinalipo, koma ukakwera tsiku lililonse malipiro a mesenjala ankatha tsiku la 20 la mwezi lisanafike.

Chomwe ndimanyadira n'chakuti nyumba ija inali yathuyathu kuyambira tsiku loyamba. Anzathu a ku 18 bambo akapuma ntchito kapena kumwalira, banja linkayenera kutuluka. Ndinaona ndi maso anga mnzanga wa kusukulu akukweza katundu mulole maliro a bambo ake asanathe miyezi itatu.

Gogo Nabanda

Zoona zimenezo, Nachisale. Nyumba inali ya ntchito, osati yako. N'chifukwa chake ambiri sitinkamanga kanthu kokhalitsa, ngakhale khola la nkhuku linali lamitengo. Mtima unali kumudzi. Amene tinatsala ndi amene tinapeza mwayi wogula patapita zaka zambiri. Mukaona mipanda ya njerwa, zipinda zoonjezera kuseri, mashopu pageti, dziwani kuti zinayamba anthu atagula. Munthu sakongoletsa za eni.

Mwana wa mmisiri

Mwakamba za ojambula ndi za okhalamo, koma amene anagwira chipande sanatchulidwe. Bambo anga anali mmodzi wa omanga. Anali atagwirako ntchito m'migodi ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 n'kufa, ndipo Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu. Amuna ambirimbiri anabwerera kumudzi. Ku Lilongwe nthawi imeneyo kunali ntchito ya manja paliponse, ndiye ambiri anathamangira kuno. Bambo anayamba ndi kukanya matope, kenako anaphunzira kuyala njerwa.

Ankatiuza kuti nyumba za mzere umodzi ankazimanga ngati anthu olima m'munda mwa mfumu: gulu lina likukumba maziko, lina likutsatira ndi njerwa, lina denga, lina pulasitala. Ukamaliza iyi sufunsa, umangosuntha chingwe n'kuyamba inayo, muyeso womwewo. Anali ndi chipsera pachala chachikulu chakumanja, simenti inadya khungu, ndipo mpaka ukalamba wawo chala chimenecho sichinkagwira bwino singano kapena batani.

Funso langa kwa inu aphunzitsi ndi ili: anthu amenewa ankagona kuti? Papulani panali nyumba ya kalaliki, panali puloti ya mesenjala, koma ya womanga panalibe, poti ankayesa kuti akamaliza abwerera kwawo. Sanabwerere. Ife tinakulira ku Senti, m'kachipinda ka lendi, tikuona madenga a ku 18 amene bambo anakhoma okha.

Mphunzitsi wopuma

Funso lanu yankho lake mwalipereka nokha. Taonani mapu a mzindawu. Pafupi ndi malo aliwonse okonzedwa bwino pali mudzi wa anthu amene amawatumikira: Senti pafupi ndi 18, Mtandire pafupi ndi 47, Mgona pafupi ndi Kanengo, Kauma kuseri kwa nyumba za akuluakulu. Ojambula sanawaike, koma mzinda sukanayenda popanda iwo. Ndipo anthu anabwera mofulumira kuposa mapuloti. Pa kalembera wa 1977 Lilongwe anali ndi anthu pafupifupi 99,000, pa wa 1987 anapitirira 220,000. Pomwe CCDC inkathetsedwa mu 1984, mzinda unali utathawa kale papepala.

Mdzukulu wa ku Lingadzi

Ndawerenga zonse kuyambira m'mawa. Ndinkafuna kungodutsa, koma funso lachitatu la achemwali amene anayambitsa nkhaniyi palibe waliyankha. Anafunsa kuti nyumba zisanabwere panali chiyani. Agogo Nabanda, ndi ulemu wonse, mwati munapeza dothi lofiira lokhalokha. Linafiira chifukwa mathirakitala anali atadutsapo kale. Chaka chimodzi kapena ziwiri m'mbuyo mwake mukanapeza mizere ya chimanga ndi mtedza, zigafa za fodya, makola a ng'ombe, nkhokwe.

Kuno kunali midzi ya Achewa. Mafumu amene mumawamva kuzungulira mzindawu, a Njewa, a Chimutu, a Tsabango, a Chitukula, sanabwere ndi likulu, likulu ndilo linawapeza. Agogo anga aakazi ali moyo, ndipo anabadwira m'mudzi wina cha kumtunda kwa Lingadzi, dera lomwe lero ndi manambala okhaokha. Amasimba kuti kunayamba kubwera anthu ndi galimoto, atanyamula ndodo zamizeremizere ndi chogwirira chamiyendo itatu chosuzumiramo. Ana ankawatsatira poyesa masewera. Kenako anabwera ena ndi mabuku, kuwerenga nyumba, nkhokwe, mitengo ya mango, nthochi. Chilichonse anachiikira mtengo wake. Munda wokha sanauwerenge, poti ankati nthaka si ya munthu. Anauzidwa kuti akakolola asadzalimenso.

Agogo amati ndalama analandira, sakana. Bambo awo anagula njinga ndi malata. Koma kumene anawapititsa madzi anali kutali, dimba linatsala, ndipo mudzi unagawikana, ena uku ena uko, mbumba imene inkadyera pamodzi osaonananso mpaka pamaliro. Chimene chimawapweteka mpaka lero si munda ayi, ndi manda. Amayi awo anagona kumeneko. Kwa ife Achewa manda si malo ongotayako anthu, ndi komwe kuli dambwe, komwe gule amachokera. Mukamayenda mumzinda muno n'kuona kamsitu ka mitengo yachilengedwe kataima pakati pa nyumba popanda wokadula, nthawi zambiri amenewo ndi manda a midzi imeneyo.

Ndipo mukapeza mtengo wa mango waukulu kwambiri, woti anthu awiri sangaukumbatire, utaima posayenera, osati pamzere wa mpanda, dziwani kuti sunabzalidwe ndi wa ku Zomba. Pamenepo panali bwalo la munthu.

Gogo Nabanda

Mwana wanga, wandiphunzitsa, ndipo sindikukwiya. Ndikukumbuka tsopano. Chaka choyamba chija, mvula itagwa, kuseri kwa nyumba kunamera mawungu ndi mapira tisanabzale kanthu. Tinkangoti ndi mwayi. Polima kadimba ndinafukula mphero, mwala wosalala wokumbika pakati, ndipo ndinauika pakhonde n'kumanolerapo mpeni zaka zonsezi. Kunkabweranso mayi wina wachikulire kudzagulitsa nkhuni ndi masamba, ndipo akatula mtolo ankakhala nthawi yaitali akuyang'ana kumunsi kwa mzere wathu osalankhula. Ndinkayesa kutopa. Sindinam'funsepo dzina la mudzi wake. Ukawauze agogo akowo kuti mayi wina wa ku Zomba wapereka moni, ndipo mphero ija ikadalipo.

Achimwene a ku Joni

Nkhani iyi yandikhudza. Kuno ku Joni anthu a ku Sophiatown anayamba kusamutsidwa mu 1955, malowo n'kupatsidwa dzina lina, koma eni ake sanaleke kulitchula dzina lakale mpaka linabwezeretsedwa. Ife mayina a midzi ya pansi pa likulu lathu tikuwadziwa?

Mphunzitsi wopuma

Ndaphunzitsa mbiri zaka zoposa 30. Ndinkaphunzitsa Gwelo, 1968, 1975, kusamuka kwa Chancellor College kupita ku Zomba mu 1973 kukatseka dzenje losiyidwa ndi boma, njanji yofika ku Lilongwe kuchokera ku Salima mu 1979, Nyumba ya Malamulo kutsalira ku Zomba mpaka 1994. Dzina la mudzi ngakhale umodzi wosamutsidwa sindinalembepo pabolodi. Ana ena amene ankakhala kutsogolo kwangawo anali zidzukulu za midzi imeneyo. Mdzukulu wa ku Lingadzi, ngati agogo angalole, ndikufuna ndidzakhale nawo pansi ndi kope, atchule midzi yonse imene akuikumbukira, mafumu ake, madambo ndi zitsime. A msinkhu wawo atsala ochepa.

Mwana wa mmisiri

Mukamalemba mulembenso za omanga, bambo. Ku Senti ndi ku Mgona kukadali madala angapo amene anagwira ntchito imeneyo. Mmodzi timapemphera naye, amatha kukuuzani mzere umene anayamba kumanga ndi umene anamalizira.

Mwana wa ku 18B

Ndakhala ndikuwerenga ndili pakhonde, ndipo mayi anga ndawawerengera zonse. Atamva za mango anangoti "tiye", n'kunditengera kuseri. Pakona pa mpanda wathu ndi wa aneba pali mtengo wa mango umene tonse tinakwerapo tili ana. Mpanda unachita kukhota pouzungulira, chifukwa agogo anakaniza amisiri kuudula. Mayi akuti pamene ankafika kuchokera ku Zomba ali ndi zaka 6, mtengowo unali kale waukulu, ukubereka, ndipo unali wokhawo mumzere monse. Ine moyo wanga wonse ndinkati anabzala ndi agogo.

Achimwene a ku Lingadzi, kodi agogo angathe kubwera kudzauona? Mwina sangauzindikire, papita zaka zambiri ndipo malo anasintha, pomwe panali raundabauti paja pali msewu wodutsa pamwamba kuyambira 2020. Komabe abwere, adzadye nafe nsima. A Nabanda nawonso tikawatenga, abwere ndi mphero ija.

Mdzukulu wa ku Lingadzi

Ndawaimbira foni madzulo ano. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati mangowo ndi a boloma kapena aang'onoang'ono aulusi, ndiponso ngati ukaima pamtengopo n'kuyang'ana kolowera dzuwa nthaka imatsetsereka kupita kudambo. Ati mukayankhe zimenezo kaye. Loweruka likubwerali akhoza kubwera, koma m'mawa, chifukwa dzuwa likakwera miyendo imawavuta. Ati adzabwera ndi mng'ono wawo, iye ndiye amakumbukira bwino mayina a zitsime.

Mwana wa ku 18B

Ndi aang'ono aulusi, otsekemera kwambiri, amapsa mu Disembala. Zotsetserekazo ndikaone kukacha, panopa kwada. Aphunzitsi, Loweruka musaiwale kope lija.